Star Wars itachoka m'manja mwa George Lucas: kodi zinasokonekera pati?

Mphatso (Area 25, Lilongwe):
Moni nonse a pagulu pano. Pali nkhani imene ndikufuna tiikambirane mofatsa, osati kungoponya mawu awiri n'kuthawa. Mafilimu atatu a Star Wars amene Disney inatulutsa, The Force Awakens ya 2015, The Last Jedi ya 2017 ndi The Rise of Skywalker ya 2019, ukawaonera motsatizana umachita kuona kuti akukangana okhaokha. Yoyamba ikutisiya ndi funso lakuti makolo a Rey, mtsikana amene nkhaniyi ikumutsata, ndi ndani. Yachiwiri ikuyankha kuti anali anthu wamba ogulitsa zitsulo zakutha, amene anagulitsa mwana wawo kuti apeze ya mowa. Yachitatu ikubwera n'kunena kuti ayi, Rey ndi mdzukulu wa Palpatine, mfumu yoipa ya m'mafilimu akale. Snoke anamuonetsa ngati chimunthu choopsa mu 2015, mu 2017 wadulidwa pakati filimu isanathe n'komwe, mu 2019 tikuona matupi ena a Snoke ali m'chithanki ku Exegol, kutanthauza kuti anali chidole chabe.

Ine ndikuti vuto ndi limodzi, panalibe pulani. Disney inagula Lucasfilm mu Okutobala 2012 pa madola opitirira pang'ono 4 biliyoni, ndipo zikuonekeratu kuti inkafuna ndalamazo ziyambe kubwerera msanga. Michael Arndt, amene anayamba kulemba filimu yoyamba, anachoka mu 2013 ntchito isanathe, J.J. Abrams ndi Lawrence Kasdan n'kuitenga. Yachiwiri anapatsa Rian Johnson, yachitatu Colin Trevorrow, amene pambuyo pake anachoka, Abrams n'kubwereranso. Akanakhala pansi kaye n'kugwirizana chiyambi, pakati ndi mapeto, bwenzi lero tikukamba zina.

Wongani:
Achimwene Mphatso, nkhani ya pulaniyi ndimaimva paliponse koma sindiivomereza yonse. George Lucas mwiniwakeyo analibe pulani imene anthu amaganiza. Leigh Brackett atalemba koyamba The Empire Strikes Back, asanamwalire mu 1978, Darth Vader sanali bambo wa Luke. Bambo a Luke anali munthu wina ndipo ankaonekera ngati mzimu. Mu filimu ya 1980 yomweyo Leia akupsompsona Luke pakamwa, kenako mu 1983 tikumva kuti ndi pachibale, munthu ndi mlongo wake. Amenewo si anthu amene ankadziwa mapeto kuyambira tsiku loyamba. Komabe mafilimu aja anagwirana bwino, chifukwa iliyonse inkatenga zimene yapeza n'kuzikulitsa, osati kuzifufuta. Chimene chinawononga a Disney ndi mantha. The Rise of Skywalker imaoneka ngati inalembedwa ndi anthu amene ankawerenga madandaulo a pa intaneti n'kumakonza limodzilimodzi.

Mphatso (Area 25, Lilongwe):
Koma Lucas analipo pa mafilimu onse atatu aja, Wongani. Irvin Kershner anatsogolera ya 1980, Richard Marquand ya 1983, koma mutu woganiza nkhani unali umodzi. Munthu mmodzi akasintha maganizo amadziwa chimene akusiya ndi chimene akutenga. Apa panali anthu atatu, aliyense ndi zake.

Bambo Nkhoma (Dedza):
Ana inu, ndiloleni ndilowererepo. Ine za pulani ndilibe nazo mawu ambiri. Chimene chimandiwawa ndi Luke. Ndinamuona koyamba pa kaseti ya vidiyo ndili mnyamata, ndipo chimene ndinatenga mu Return of the Jedi n'chakuti mnyamata uja anakana kupha bambo ake. Vader ali pansi, dzanja laduka, Palpatine akumuuza kuti amalize, iye n'kutaya lupanga lake. Aliyense anali atataya mtima pa Vader, ngakhale Yoda ndi Obi-Wan, koma Luke ankati mwa bambo anga mudakali kabwino.

Ndiye munthu ameneyu mukundiuza kuti analowa usiku m'kanyumba ka mwana wa mlongo wake, mwanayo ali mtulo, n'kuyatsa lupanga? Kwathu kuno malume ndiye mwinimbumba. Mwana wa mlongo wako akayamba kulowerera, iwe ndi amene umaitanidwa, iwe ndi amene umakhala naye pansi. Leia anapereka mwana wake Ben, amene anadzatchedwa Kylo Ren, m'manja mwa malume ake kuti amuphunzitse. Zitavuta, malume aja anathawira ku chilumba, kusiya mlongo wake akumenya nkhondo yekha, mlamu wake Han akuphedwa ndi mwana yemweyo. Ameneyo si Luke amene ndimamudziwa. Ngakhale Mark Hamill, amene amasewera Luke, anauza Rian Johnson maso ndi maso kuti sakugwirizana ndi mmene anamulembera, ndipo ananena zimenezi poyera.

Thoko (Johannesburg):
Bambo Nkhoma, nkhani ya umalumeyi mwaikhudza pabwino, koma ine ndikuiona mbali inayo. Chifukwa chakuti Luke anali malume, manyazi ake anali aakulu kuposa a mphunzitsi wamba. Akanakamuuza chiyani Leia? Kuti mwana unandipatsa uja ndamuopseza ndi lupanga ali mtulo, wawotcha sukulu, ana a eni afa? Tonse tikudziwa anthu akuluakulu olemekezeka amene atalakwira abale awo sanathe kubwerera kumudzi, osati chifukwa chouma mtima koma chifukwa cholephera kuyang'ana mlongo wawo kumaso. Ine ndinamukhulupirira Luke wa pa chilumba uja. Ndipotu si Rian Johnson amene anamuika kumeneko. Abrams ndi amene anamaliza filimu ya 2015 Luke ali yekhayekha pamwamba pa thanthwe ku Ahch-To, pamene mapulaneti a Hosnian aphulitsidwa ndipo Han wafa. Johnson anangopatsidwa ntchito yofotokoza chifukwa chake munthu wabwino chonchija sanabwere. Mukanayankha bwanji inuyo?

Wongani:
Mwandilankhulira achemwali. Ndiwonjezerepo chimodzi. Bambo Nkhoma, taonaninso bwino malo amene mwatchulawo mu 1983. Luke asanataye lupanga anachita chiyani? Vader atangotchula za mlongo wake, Luke anatuluka pamene anabisala ali wolusa, anamenya bambo ake mosalekeza mpaka kuwadula dzanja. Anaima ataona mawaya pa dzanja lodukalo n'kuyang'ana dzanja lake lomwe lachitsulo. Ndiye Luke ndi munthu amene mkwiyo ndi mantha zimamufikira msanga akaona kuti okondedwa ake ali pangozi, kenako amadzigwira. M'kanyumba ka Ben zinachitikanso chimodzimodzi. Anaona mumtima mwa mwanayo imfa ya onse amene amawakonda, dzanja linathamangira lupanga, nthawi yomweyo n'kudzigwira. Tsoka lake mwana anali atatsegula kale maso. Filimuyo imationetsa usiku umenewo katatu, malinga ndi amene akufotokoza, kuti tisathamangire kuweruza.

Bambo Nkhoma (Dedza):
Wa zaka makumi awiri kupsa mtima pankhondo, mdani ali ndi lupanga m'manja, n'zosiyana ndi munthu wa imvi kuimirira pa mwana wogona. Zaka zonse zija sanaphunzirepo kanthu? Komabe Thoko mwana wanga, za manyazi wanenazo zandilowa. Chimene sindingakane n'chakuti mapeto ake ku Crait ndi abwino kwambiri. Pansi pali mchere woyera, ukaponda pamaoneka dothi lofiira. Kylo akasuntha phazi pakufiira, Luke akasuntha palibe chikuoneka, chifukwa munthuyo sali pamenepo, thupi lake lili ku chilumba. Anaimitsa gulu lonse lankhondo osapha munthu ngakhale mmodzi, anapepesa kwa mwana wa mlongo wake, anzake n'kupeza mpata wothawa. Pamenepo ndinamuzindikira. Kungoti njira yofikira pamenepo inandipweteka.

Dalitso (Chipata):
Ine The Last Jedi inanditopetsa ndi nkhani ya Canto Bight. Nthawi yaitali Finn ndi Rose akuthamanga ndi nyama mu mzinda wa njuga, mapeto ake palibe chimene apindula. Rose uja sanafunike n'komwe, anangowononga filimu.

Mayi Phiri (woyang'anira gulu):
A Dalitso, kudzudzula mmene munthu analembedwera m'filimu n'kololedwa pano, koma tisamale kalankhulidwe. Kelly Marie Tran, amene anasewera Rose, anafufuta zithunzi zake zonse pa Instagram mu 2018 chifukwa cha chipongwe cha anthu, china chokhudza mtundu wake ndi maonekedwe ake. Iye sanalembe filimuyo. Ndipo mu 2019 anangomuonetsa kanthawi kosakwana mphindi ziwiri, zimene kwa ine zinali ngati kuuza achipongwe aja kuti mwapambana. Tipitirize.

Dalitso (Chipata):
Ndamva amayi. Ndikunena za nkhaniyo, osati mtsikanayo. Funso langa likadalipo: ulendo wa ku Canto Bight unathandiza chiyani?

Wongani:
Unaonetsa amene amalemera ndi nkhondo. Anthu ovala bwino aja amagulitsa zida mbali zonse ziwiri, kwa First Order ndi kwa Resistance komwe. M'mafilimu onse am'mbuyo palibe anafunsapo kuti zombo zonsezi amagula kwa ndani. Ndiponso ndi kumene tinakumana ndi ana osamalira nyama aja. Kumapeto kamnyamata kamodzi kakutuluka panja usiku, kakutambasula dzanja, tsache likubwera lokha m'manja mwake. Kamwana kopanda dzina, kopanda agogo otchuka. Uthenga wake ndi womwewo wa makolo a Rey, wakuti Force, mphamvu yosaoneka imene inakoka tsache lija, si chuma cha banja limodzi. Ndikuvomera kuti gawolo ndi lalitali ndipo nthabwala zina sizinagwire, koma lili ndi chifukwa.

Chisomo (Leeds):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhulepo, chifukwa mwatchula Finn ngati wongodutsa, ndipo ndi mmenenso mafilimuwo anamuchitira.

Kumbukirani mmene The Force Awakens inayambira. Asilikali ovala zoyera atsika usiku pa kamudzi ka ku Jakku. Mmodzi wawomberedwa, mnzake wagwada kuti amuthandize, wakufayo n'kumupaka magazi pa chisoti, mizere itatu. Alamulidwa kuwombera anthu a m'mudzimo, iye mfuti ili m'manja koma sakuwombera. Kuyambira 1977 asilikali amenewa tinkangowaona akugwa ngati alibe amayi awo, ndipo kanali koyamba kuti mmodzi avule chisoti tione nkhope, thukuta lili chuchuchu, akupuma movutika. Alibe ndi dzina lomwe, ndi FN-2187. Anatengedwa kwa makolo ake ali khanda.

Amayi anga anakulira ku Ntcheu nthawi imene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza m'maboma a m'malire, nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo nkhani za ana ogwidwa n'kupatsidwa mfuti si za m'mlengalenga kwa ife. Ndiye nditaona Finn ndinati apa pali nkhani yaikulu kuposa ya Rey ndi Kylo. Mwana wotere akathawa, amawaona bwanji anzake amene anatsala? Angawawombere n'kumakuwa mokondwa? Koma patangopita mphindi zochepa akuwombera anzake omwewo akuseka ndi Poe. Mu filimu yachitatu akukumana ndi Jannah, msilikali wothawa ngati iye, amene gulu lake lonse linakana kuwombera anthu wamba n'kutula zida pansi. Nkhani yamphamvu chonchi tikungoimva pakamwa, anthu awiri atakhala pansi, osaionetsa. Nthawi yotsalayo Finn akungothamanga kukuwa dzina la Rey. Akuti ali ndi mawu oti amuuze, filimu mpaka kutha osawanena. Abrams anachita kufotokoza pambuyo pake kuti ankafuna kunena kuti nayenso amaimva Force.

Thoko (Johannesburg):
Ndipo John Boyega mwiniwake, amene anasewera Finn, analankhula. Mu 2020 anauza magazini ya GQ kuti si bwino kutulutsa munthu wakuda, kumutsatsa ngati ndi wofunika kwambiri, kenako n'kumukankhira pambali. Zithunzi zotsatsira za 2015 zinamuonetsa atagwira lupanga la buluu. Mnyamata wa ku Peckham, makolo ake a ku Nigeria, ana ambiri akuda anaona chithunzi chija n'kuganiza kuti Jedi watsopano, wankhondo wa Force ngati Luke, ndi ameneyu. Lupita Nyong'o nayenso analimo, koma nkhope yake sitinaione, anabisika mwa Maz Kanata wopangidwa pa kompyuta, ndipo mu The Last Jedi anangooneka kamphindi.

Mphatso (Area 25, Lilongwe):
Apa ndiye mukundithandiza ine. Finn ndi umboni wa kusowa pulani. Palibe anakhala pansi kufunsa kuti munthuyu tikumuyamba ali msilikali wothawa, tidzamumaliza ali ndani. Zimene Trevorrow analemba asanachoke zinatulukira pa intaneti kumayambiriro kwa 2020, ndipo mmenemo Finn ankatsogolera kuukira ku Coruscant, Palpatine ali chifere. Sindikunena kuti ikanakhala filimu yabwino, zolemba papepala ndi filimu yomalizidwa n'zosiyana, koma zikuonetsa kuti njira inalipo.

Wongani:
Njira inalipo, anaiopa. Mwaona kusiyana kwake achimwene? Pa Finn ndikuvomera kuti Johnson nayenso ali ndi mlandu, anamubwezera pa phunziro limene anali ataphunzira kale. Koma taonani zimene 2019 inachita. Anthu ena anadandaula kuti Rey sangakhale wamphamvu chonchija popanda magazi apamwamba, anamupatsa agogo. Ena anadandaula kuti Snoke wafa msanga, anabweretsa Palpatine. Ena anadandaula za Rose, anamuchotsa. Kylo anaphwanya chisoti chake mu 2017 posonyeza kuti wasiya kutsanzira Vader, mu 2019 achiwotcherera. Luke anataya lupanga kumbuyo mu 2017, mu 2019 mzimu wake ukuliwakha. Chewbacca wafa, patapita mphindi zochepa ali moyo. C-3PO wafufutidwa zonse za m'mutu, kenako zabwerera. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pofuna kusangalatsa aliyense sanasangalatse okonda The Last Jedi ngakhale odana nayo.

Bambo Nkhoma (Dedza):
Pa Palpatine ndiye tili limodzi, Wongani. Anakin Skywalker, yemwe ndi Darth Vader, anafa chifukwa chonyamula munthu ameneyu n'kumuponya kudzenje kuti apulumutse mwana wake. Mafilimu asanu ndi limodzi a Lucas, kuyambira kamnyamata ka ukapolo ka mu The Phantom Menace ya 1999, amathera pamenepo. Ukanena kuti Palpatine sanafe, imfa ya Anakin yatsika mtengo. Ian McDiarmid, wosewera Palpatine, ndi katswiri, ndimasangalala kumuona, koma kubwera kwake sikunakonzeredwe njira m'mafilimu awiri oyambawo. Tinangowerenga m'mawu oyandama a kumayambiriro aja kuti wakufa walankhula.

Dalitso (Chipata):
Ndipo uthenga umene akuti Palpatine anaulutsawo sunamveke m'filimu. Anauika mu gemu ya Fortnite mu Disembala 2019, filimu itatsala masiku ochepa kutuluka. Amene sasewera gemuyo sanaumve. Komanso maganizo obwezeretsa Palpatine m'thupi lopangidwa si atsopano, anali kale m'makomiki a Dark Empire a 1991 ndi 1992. Mu Epulo 2014 Lucasfilm inalengeza kuti mabuku ndi makomiki akale onse aja sakuwerengedwanso m'nkhani yeniyeni, anawatcha Legends. Anataya nkhani za Timothy Zahn zimene anthu ankazikonda, kenako n'kukatolamo chinthu chimene ngakhale nthawi imeneyo owerenga ambiri ankakangana nacho.

Thoko (Johannesburg):
Tisaiwale chinthu chimodzi pomuweruza Abrams. Carrie Fisher, amene ankasewera Leia, anamwalira pa 27 Disembala 2016. Kathleen Kennedy, amene ankatsogolera Lucasfilm panthawiyo, ananena kuti filimu yachitatu inayenera kukhala ya Leia, monga yoyamba inali ya Han ndipo yachiwiri ya Luke. Ndiye ngakhale pulani ikanakhalapo, achimwene Mphatso, imfa inaing'amba. Mayi amene akanabweza Ben kunyumba kunalibenso. Trevorrow anachoka mu Sepitembala 2017, Abrams anabwera mochedwa, tsiku lotulutsa analisuntha kuchoka Meyi kufika Disembala 2019 basi. Anatenga zidutswa za Fisher zimene zinatsala pojambula The Force Awakens n'kulemba zokambirana mozungulira mawu amene anali atanena kale. Ukamvetsera bwino umamva kuti Leia sakuyankha zimene wafunsidwa, enawo ndi amene akukonza mafunso kuti agwirizane ndi mayankho ake. Zimandimvetsa chisoni nthawi zonse.

Mphatso (Area 25, Lilongwe):
N'chifukwa chake ndikuti akanadikira. Kuwonjezera chaka chimodzi kukanawapha? Lucas ankasiya zaka zitatu pakati pa mafilimu: 1977, 1980, 1983, kenako 1999, 2002, 2005. Disney inkatulutsa Star Wars chaka chilichonse kuyambira 2015 mpaka 2019. Ndalama zomwe zikuchitira umboni. The Force Awakens inapeza madola opitirira 2 biliyoni, The Last Jedi pafupifupi 1.3 biliyoni, The Rise of Skywalker inangodutsa pang'ono 1 biliyoni. Solo ya 2018, imene anachotsa otsogolera ake Phil Lord ndi Christopher Miller kujambula kuli mkati n'kuika Ron Howard, sinafike ndi 400 miliyoni yomwe. Bob Iger, amene anali mkulu wa Disney panthawiyo, anavomereza yekha kuti anathamanga kwambiri. M'buku lake la 2019 analembanso kuti Lucas anakhumudwa atazindikira kuti nkhani zimene anawapatsa pogulitsa kampaniyo sazigwiritsa ntchito.

Chisomo (Leeds):
Funso langa kwa nonse: Leia akanapatsa munthu wina kuti amusewere? Ine ndikuti inde. Obi-Wan anali Alec Guinness, kenako Ewan McGregor, ndipo lero palibe amadandaula. Donald Glover anakhala Lando wachinyamata bwinobwino. Koma Lucasfilm inayamba chizolowezi chodzutsa nkhope pa kompyuta. Peter Cushing, amene anasewera Tarkin mu 1977, anamwalira mu 1994, mu Rogue One ya 2016 tikumuona Tarkin akuyenda, nkhope yake ataiika pa thupi la Guy Henry. Maso aja sali bwino, umachita kumva kuti pali chinachake chikusowa. Luke wachinyamata wa mu The Mandalorian mu 2020 chimodzimodzi. Mawu a Vader mu Obi-Wan Kenobi ya 2022 anapangidwa ndi kampani ya ku Ukraine yotchedwa Respeecher, James Earl Jones atavomereza. Iye anamwalira mu 2024. Tikapitiriza chonchi ndiye kuti zaka makumi asanu zikubwerazi tizidzaonerabe anthu omwewo, achinyamata aluso osapeza mpata.

Bambo Nkhoma (Dedza):
Ayi mwana wanga, pa Leia ndikukana. Patangopita zaka zitatu chimwalirire, mwana wake Billie Lourd akusewera m'filimu yomweyo, ndiye alowe mayi wina atavala zovala zake? Sizikanakhala bwino. McGregor ankasewera Obi-Wan wa msinkhu wina, m'nthawi ina. Ine ndikanakonda filimuyo iyambe ndi maliro a Leia. Onse asonkhane, amulire mokwanira, Ben amve uthenga ali kutali, nkhani iyambire pa chisoni chimenecho. Anthu oonera nawonso akanapeza polirira Carrie Fisher.

Thoko (Johannesburg):
Bambo, maganizo amenewo ndi abwino kuposa zimene tinaonera. Ben kumva kuti mayi ake apita asanapepese, ali pampando wa ufumu umene anaulanda kwa Snoke, popanda wina womulamula amene angamuloze chala. The Last Jedi inamusiya pomwepo, woipa wamkulu ali iye mwini. Adam Driver, wosewera Ben, akanaisenza nkhani imeneyo. Kubwera kwa Palpatine kunamupeputsira mlandu, chifukwa tsopano akuti mawu onse amene ankamva m'mutu mwake anali a nkhalamba ija.

Dalitso (Chipata):
Nanga poti mu Epulo 2023 ku London analengeza kuti Daisy Ridley adzabweranso ngati Rey, akumanganso gulu la Jedi, Sharmeen Obaid-Chinoy akutsogolera, inu mukufuna aitenge bwanji? Afufute za mdzukulu wa Palpatine?

Wongani:
Asafufute kanthu. Ndimadana nazo za mdzukuluzo koma zinachitika, ndipo kufufutafufuta ndi matenda amene tikudandaula nawo pano. Angozisiya, asazitchulenso kawirikawiri. Ophunzira ake akhale ana wamba ngati ka tsache kaja. Finn akhale Jedi ngati Boyega angavomere, ndipo nkhani ya ana obedwa aja ikhale pakati pa filimu: akubwerera kwawo, kwawoko kuli kuti, akuwalandira ndani. Chida chophulitsa mapulaneti chisaonekenso. Tachiona mu 1977, 1983, 2015, ndipo mu 2019 chombo chilichonse chinali nacho chake.

Chisomo (Leeds):
Umboni woti zimatheka ndi Andor, sewero la Star Wars la pa TV. Tony Gilroy, amene analipanga, sanagwiritse Jedi ngakhale mmodzi, palibe Skywalker, palibe lupanga lowala. Muli ndende ya Narkina 5, akaidi ovala zoyera, opanda nsapato chifukwa pansi pamadutsa magetsi, akupanga zitsulo zimene sakudziwa ntchito yake, matebulo akupikisana kuti opambana apatsidwe chakudya chokomako. Kenako akuzindikira kuti womaliza chilango satulutsidwa, amangomusamutsira kwina. Andy Serkis, yemwe uja anali Snoke, akusewera kapitawo wa akaidi amene akutsogolera kuthawa, afika pakhomo, pansi pali nyanja, iye sadziwa kusambira. Ndiye pali maliro a Maarva ku Ferrix, kumene phulusa la womwalira amaliumba mu njerwa n'kuiika pakhoma la mzinda. Gulu la zitoliro likuyenda pang'onopang'ono mumsewu, asilikali ataima m'mbali, ndipo malirowo akusanduka kuukira. Empire, ufumu wa Palpatine uja, ya mmenemo imaopsa kuposa ya m'mafilimu, chifukwa ndi ya anthu a mu ofesi olemba malipoti ndi kufuna kukwezedwa pantchito.

Mphatso (Area 25, Lilongwe):
Ndipo Andor inali ndi mutu umodzi woganiza nkhani, mapeto ake akudziwika kale chifukwa imakathera pamene Rogue One ikuyambira. Mfundo yanga ija.

Wongani:
Inalinso ndi munthu amene sankaopa kukhumudwitsa ofuna kuona nkhope zakale sabata iliyonse. Mfundo yanga ija. Komanso poyamba ankaganiza zopanga zigawo zisanu, n'kuzifupikitsa kukhala ziwiri, ndiye ngakhale pamenepo pulani inasintha panjira.

Bambo Nkhoma (Dedza):
Andor sindinaionere, koma mmene mukuifotokozeramu ndili ndi nkhawa imodzi. Kodi mdzukulu wanga wa Sitandade 6 angakhale pansi n'kuionera? Lucas ananena yekha kuti Star Wars anaipangira ana a zaka 12. Mdzukulu wangayo amamukonda Rey, amamanga tsitsi mfundo zitatu kumbuyo ngati iye, amatenga mpini wa khasu n'kumauzunguza pabwalo. Za Trevorrow ndi Abrams sazidziwa ndipo sizimukhudza. Nyimbo za John Williams zikangoyamba amasiya chilichonse. Ana amene anakula ndi mafilimu a 1999 mpaka 2005, amene ife akuluakulu tinkawanyoza chifukwa cha Jar Jar Binks, lero ndi amene akuwateteza ndi mtima wonse, ndipo Hayden Christensen akaonekera pagulu amamuwombera m'manja. Musadabwe zikadzachitikanso ndi awa. Ngati zonse zikhala za ndende ndi malipoti, ana alowera khomo liti?

Chisomo (Leeds):
Wa Sitandade 6 ayi bambo, muli malo ena ozunza anthu amene ndi olemera kwa mwana, ndipo zokambirana za ndale zingamutopetse. Sindikunena kuti zonse zikhale ngati Andor. Ndikunena kuti chisamaliro chimene anaika polemba kapitawo wa akaidi, munthu wongooneka magawo atatu, akanaika pa Finn amene anali m'mafilimu atatu athunthu. Filimu ya ana nayonso imafuna kulembedwa bwino. The Empire Strikes Back ana amaikonda, koma ilibe bodza lakuti wina wafa kenako wadzuka pofuna kungotidzidzimutsa.

Thoko (Johannesburg):
Bambo Nkhoma, paja munati mubwera kuno ku Joni kudzaona ana pa Khirisimasi? Disney+ kuno ilipo kuyambira 2022. Mudzaionere nokha, mwana atagona, kenako mudzatiuze ngati Luke akusoweka mmenemo.

Bambo Nkhoma (Dedza):
Ndibwera Mulungu akalola. Ndi yaitali bwanji, ndipo ndiyambe ndi iti, Andor kapena Rogue One?

Wongani:
Zigawo ziwiri bambo, cha 2022 ndi cha 2025, chilichonse magawo 12. Ngati Rogue One munaionera kale, yambani Andor, mukamaliza mubwereze Rogue One. Magawo awiri oyambirira amayenda pang'onopang'ono, musaweruze musanamalize lachitatu. Za ndende zija zimayamba gawo la 8.